N'chifukwa Chiyani Timayetsemula?

Mu Febuluwale chimanga chimamasula ngaiyaye m'minda. Udzu nawonso umachita maluwa. Mphepo imaulutsa mungu. Anthu ena akaupuma amayetsemula kosalekeza. Mphuno imayabwa, mamina amatuluka ngati madzi.

Mu 1873 dotolo wa ku England, Charles Blackley, anaonetsa kuti mungu ndiwo umayambitsa chimfine chotere. Sichipatsirana.

M'kati mwa mphuno muli timitsempha tambiri tomvera. Mungu ukalowa, thupi la munthu wotere limauyesa mdani. Limatulutsa mankhwala otchedwa histamini. Histamini amadzutsa timitsempha tija, ndipo mphuno imayabwa. Timitsemphato timatumiza uthenga ku ubongo. Ubongo umalamula chifuwa kuti chitulutse mpweya mwamphamvu. Kumeneko ndiko kuyetsemula. Umalamulanso mphuno kuti ichulukitse mamina.

Timitsempha tikamadzutsidwa tsiku ndi tsiku, timayamba kumva msanga. Pamenepo utsi wa nkhuni, fumbi kapena mphepo yozizira zimam'yetsemulitsanso munthuyo.

Tichite chiyani? Popalira m'munda timange kansalu pamphuno. Pobwera kumunda tisambe kumaso. Tipewe utsi. Kuchipatala kuli mapiritsi oletsa mphamvu ya histamini. Ena amagonetsa tulo, choncho tisayendetse njinga yamoto titamwa.

Chimfine cha mungu sichitenthetsa thupi. Thupi likatentha, tipite msanga kuchipatala tikayezetse malungo. Mwana akamabanika popuma, tisachedwe naye.

Mafunso
1. Kodi mungu umachokera kuti?
2. Timitsempha ta m'mphuno timagwira ntchito yanji?
3. Thupi likatentha tichite chiyani?