Kugawa Nthawi Pakati pa Ntchito ndi Mwana

Amayi ambiri amapezera ndalama pakhomo pomwepo: ena amasoka, ena amakazinga mandasi, ena amaumba mbiya. Ntchito ikachuluka, kawirikawiri chimene chimaiwalika ndi chakudya cha mwana. Mimba ya mwana ndi yaing'ono, choncho sangadikire nsima yamasana monga akuluakulu. Mwana wa miyezi 9 kufikira zaka 2 ayenera kudya katatu kapena kanayi pa tsiku, kuwonjezera pa kuyamwa.

Tsono yambani mwaika nthawi za chakudya chake, ntchito zina zibwere pambuyo. Tungani madzi ndi kusinjiratu mtedza madzulo, kuti phala lisachedwe m'mawa. Ntchito ya pamoto kapena ya singano muziigwira mwana akagona. Tsiku la sikelo musalandire ntchito ya munthu. Bambo nawonso azithandiza kudyetsa mwana.