Magemu Ophana, Ana ndi Udindo wa Makolo

M'makoleji a ku America ndi ku Britain muli funso limene ophunzira ambiri amakumana nalo pa asayimenti: kodi magemu achiwawa amasandutsa ana kukhala ankhanza? Wophunzira amalilandira mosangalala, poganiza kuti ndi ntchito ya usiku umodzi. Akayamba kuwerenga amapeza katswiri wina akuti inde, wina akuti ayi, ndipo onsewo ndi maprofesa odziwika. Tsiku lopereka ntchitoyo likuyandikira, mutu ukuwawa, yankho losaoneka. Kukhumudwa kwake kuli ndi chifukwa, ndipo kholo lofuna kudziwa chochita ndi mwana wake likufunika kumvetsa chifukwa chomwecho.

Mkanganowu unafika pachimake mu 1993. Gemu ya Mortal Kombat, imene inatuluka mu 1992 m'malo osewerera molipira, inali italowa m'nyumba za anthu. M'gemuyi anthu awiri amamenyana magazi ali chuchuchu, ndipo wopambana amatha kumaliza mnzake pomuzula mutu pamodzi ndi fupa la msana. Kampani ya Nintendo inachotsa magaziwo pa makina ake, koma pa makina a Sega mwana ankangodina mabatani angapo achinsinsi, magazi n'kubwerera. Mu Disembala chaka chimenecho aphungu awiri a nyumba ya Senate ya ku America, Joe Lieberman ndi Herb Kohl, anaitanitsa akuluakulu a makampaniwa n'kuwachenjeza kuti akapanda kudziikira okha malire, boma liwaikira. Mu 1994 makampaniwo anakhazikitsa bungwe la ESRB, lomwe limaika chilembo pa gemu iliyonse: E ya aliyense, T ya achinyamata, M ya azaka 17 kupita m'tsogolo. Maiko a ku Ulaya anayamba njira yawo ya PEGI mu 2003, yolemba zaka zenizeni: 3, 7, 12, 16 ndi 18.

Kunagwanso zoopsa. Pa 20 Epulo 1999 anyamata awiri a pa sukulu ya Columbine ku Colorado anawombera ndi kupha anzawo 12 ndi mphunzitsi mmodzi, kenako n'kudzipha. Zitadziwika kuti ankakonda gemu yowomberana ya Doom, anthu ambiri anati gwero lapezeka. Achibale ena a ophedwa anasumira makampani a magemu, koma khoti linathetsa mlanduwo mu 2002.

Nanga akatswiri amayeza bwanji nkhanza? Apa ndiye pagona nkhani, ndipo apa ndi pamene wophunzira uja amasokonezeka. Palibe wofufuza amene angaloledwe kupatsa ana gemu n'kuwasiya kuti amenyane kuti awerenge zibakera. Choncho amagwiritsa ntchito njira zozungulira. Amatenga anthu, kawirikawiri ophunzira a pa koleji pomwepo amene amalowa m'kafukufuku kuti awonjezere mamalikisi, n'kuwagawa pawiri. Ena amasewera gemu yophana kwa mphindi zowerengeka, ena gemu yofatsa. Akatha, aliyense amauzidwa kuti m'chipinda china muli munthu amene akupikisana naye, ndipo akamugonjetsa asankhe kukula kwa phokoso loti limulize m'makutu. Pa kafukufuku wina amapatsidwa botolo la tsabola kuti athirire munthu amene awauza kuti sakonda zowawa. Wothira tsabola wambiri amalembedwa kuti waonetsa nkhanza zambiri.

Craig Anderson ndi Brad Bushman, atasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wambiri wotere, anati kusiyana kulipo: osewera magemu achiwawa amakweza phokoso pang'ono, amakhala ndi maganizo aukali pang'ono. Christopher Ferguson ndi anzake anatsutsa. Iwo anati kusiyanako n'kochepa kwambiri, kuti kafukufuku amene sanapeze kanthu nthawi zambiri safalitsidwa, ndipo kuthirira munthu tsabola n'kutali kwambiri ndi kumubaya mpeni. Mbali zonse ziwiri zimawerenga manambala ofananafanana, koma zimasiyana pa tanthauzo lake. Bungwe la akatswiri a maganizo la American Psychological Association linanena mu 2015 kuti pali mgwirizano pakati pa magemuwa ndi khalidwe laukali. Mu 2020 linawonjezera chenjezo lakuti palibe umboni wokwanira wonena kuti magemu ndiwo amayambitsa ziwawa zenizeni monga kuwombera anthu. Chaka cha 2019, Andrew Przybylski wa pa yunivesite ya Oxford ndi Netta Weinstein anafufuza achinyamata oposa 1,000 a ku Britain azaka 14 ndi 15, n'kufunsanso makolo awo za khalidwe la anawo. Sanapeze kuti osewera kwambiri magemu achiwawa ndiwo aukali kuposa anzawo.

Palinso mfundo ina yovuta kuikana. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990, pamene malonda a magemu ankakwera ku America, milandu yachiwawa ya achinyamata inkatsika. Ku Japan ndi ku South Korea anthu amasewera magemu kwadzaoneni, koma kuphana ndi mfuti n'kosowa. Zimene zimaoneka kawirikawiri m'mbiri ya mwana wachiwawa ndi nkhanza za pakhomo, kuzunzidwa ndi anzake, magulu oipa ndiponso chida chopezeka mosavuta.

Boma la California linayesapo kulowererapo. Mu 2005 linakhazikitsa lamulo loletsa kugulitsa magemu achiwawa kwa ana osakwana zaka 18, ndipo wophwanya akanalipira chindapusa chofika madola 1,000. Nkhaniyi inakafika ku khoti lalikulu la America, ndipo mu Juni 2011 oweruza 7 mwa 9 anagamula kuti lamulolo likuphwanya ufulu wolankhula. Woweruza Antonin Scalia anakumbutsa kuti ngakhale nthano zakale zimene ana amawerengeredwa zili ndi zoopsa zambiri. Chigamulochi chinatanthauza kuti ku America ntchito yosankhira mwana gemu yatsalira kholo. Chilembo cha pa bokosi chimangodziwitsa, sichigwira mwana dzanja.

Ena amamva zonsezi n'kunena kuti basi, palibe vuto, mwana asewere chilichonse. Kumeneko n'kulakwitsa. Kunena kuti gemu sisandutsa mwana chigawenga sikutanthauza kuti ndi yoyenera msinkhu wake. Grand Theft Auto V, yotuluka mu 2013, ili ndi chilembo M ku America ndi 18 ku Ulaya. Muli kuba magalimoto, kutukwana, uhule, ndiponso gawo lina limene wosewerayo amazunza munthu womangidwa pa mpando, mpaka kumuzula dzino ndi pulayazi. Mwana wazaka 8 akachita zimenezi ndi zala zake, sitifunika kudikira kafukufuku kuti tidziwe kuti taphonya. Komanso kafukufuku wambiri uja anachitidwa pa achinyamata ndi akuluakulu, osati pa tiana ta ku pulayimale.

Chinthu chimene makolo amaona ndi maso awo ndi china: mwana akukuwa, waponya padi yosewerera pansi, wamenyetsa chitseko, wakalipira mng'ono wake. Mu 2014 Przybylski ndi anzake, kuphatikizapo Richard Ryan wa pa yunivesite ya Rochester, anafalitsa kafukufuku wofotokoza ukali umenewu. Anasintha magemu ena kuti akhale ovuta kuwongolera, ena n'kuwachotsa zachiwawa. Anapeza kuti chimene chinkakwiyitsa osewera kwambiri chinali kulephera, osati magazi. Ngakhale Tetris, gemu yongosanja timabokosi, inkakwiyitsa anthu akaiumitsa dala. Ukali wake ndi wofanana ndi wa wophunzira amene walimbana ndi asayimenti usiku wonse koma sikutheka. Mwana wotere akufunika kuphunzitsidwa kugonja osaphwanya zinthu, ndipo phunziro limeneli kampani ya magemu singamupatse.

Vuto lina ndi nthawi. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linavomereza kuika chizolowezi chosalamulirika cha magemu m'ndandanda wa matenda. Silinanene za mwana aliyense wokonda kusewera. Linanena za munthu amene, kwa chaka kapena kuposerapo, walephera kudziletsa, waika gemu patsogolo pa sukulu, tulo ndi abale, ndipo akupitirizabe ngakhale zinthu zikumuonongekera. Oterewa ndi ochepa, koma alipo, ndipo ena mwa iwo ndi ophunzira a ku koleji amene achoka pakhomo opanda chizolowezi chodziikira malire.

Kwathu kuno magemuwa anafika kale. M'matauni muli tizipinda ta TV imodzi ndi PlayStation, katani yotchinga dzuwa pakhomo, ana atapanikizana pa benchi kudikira kuti padi iwafike. Wina ndalama yolipira waichotsa pa ya chiwaya. Gemu imabwera yokopedwa, yopanda bokosi, choncho chilembo chija palibe amene amachiona. Enanso amasewera pa foni ya mayi awo, ndipo magemu monga PUBG Mobile ndi Free Fire amalumikiza mwana ndi anthu osawadziwa amene amatha kulankhula naye m'kati mwa sewerolo. Kulankhulana kumeneku n'kofunika kukuyang'anitsitsa kuposa mfuti za pa sikirini.

Kholo silifunika digiri kuti ligwire ntchitoyi. Pa Play Store gemu iliyonse ili ndi msinkhu wake wolembedwa pafupi ndi dzina, ndipo pulogalamu ya Family Link ya Google imalola kholo kutseka magemu a akuluakulu ndi kuika malire a maola. Koma zimenezi zimabwera pambuyo. Choyamba, khalani pansi ndi mwana wanu, akuonetseni gemu imene amasewera. Mufunseni kuti amene akumuwomberayo ndi ndani, walakwanji, ndipo amene akulankhula naye m'makutumo amamudziwa bwanji. Ngati amapita ku kachipinda ka magemu, pitaniko nanunso mukalankhule ndi mwiniwake. Usiku foni igone kuchipinda kwanu, ndipo mukaona gemu yolembedwa 18 m'manja mwa mwana wa Sitandade 4, ichotseni ndipo mumuuze chifukwa chake.