Kwa Iye Amene Akupita ku Joni Koyamba

Akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo njira ya ku Joni, imene makolo athu anaiyenda m'masiku a Wenela pokakumba golide m'migodi, kufikira pamene ndege yowanyamula inagwa ku Francistown mu 1974 boma lathu n'kuletsa kulemba anthu ntchitoyo, lero akuiyenda ndi adzukulu awo, amene amakwera basi mu Blantyre, natulukira pa Mwanza, naloŵa Mozambique pa Zobue, naoloka Zambezi pa Tete, naloŵa Zimbabwe pa Nyamapanda, kufikira ataoloka Limpopo pa Beitbridge. Zipata ndi zitatu, koma pa chipata chilichonse munthu amadinditsa kaŵiri, potuluka ndi poloŵa. Ndipo m'zidindo zimenezi ndimo mwagona mtendere wonse wa mlendo.

Chotero pasipoti yanu isachoke pathupi panu. Ikhale m'thumba lam'kati, osati m'chikwama chimene chaikidwa kunsi kwa basi, pakuti basi ikaima pakati pa usiku, kondakitala nafuula kuti onse atsike, sipakhala mpata wofukula katundu. Pomwepo adzakufikani madobadoba a pakamwa pozuna, nadzati, “Bwana, mzerewu ndi wautali, bweretsani tikudinditsireni.” Akanizeni mwaulemu, ngakhale miyendo itatupa ndi kukhala, chifukwa chidindo chimene sanakudindireni mkulu wa boma inu mukuona chikhoza kukhala chabodza, ndipo tsiku loŵerengera mlandu wodzayankha ndinu, dobadoba ali phee kwawo.

Mukadinditsa pa Beitbridge, musafulumire kutseka kabukuko. Imani pambali, muŵerenge ndi maso anu tsiku limene alemba, pakuti ngakhale Mmalaŵi amaloledwa kucheza m'dziko la South Africa mpaka masiku 30 popanda viza, mkulu wa pazenera ali ndi mphamvu yolemba ocheperapo, ndipo cholembedwacho ndicho lamulo, osati zimene munamva kwa anzanu m'basi. Ngati manambala sakuoneka bwino, funsani pomwepo; safunsa anadya phula. Malamulo a chaka cha 2014 alibe chisoni: wopyola ndi masiku osaposa 30 amaletsedwa kuloŵanso kwa chaka chimodzi, wopyola koposa apo zaka zisanu, ndipo wogwidwa alibe mapepala akhoza kukasungidwa ku Lindela, ku Krugersdorp, kudikira kubwezedwa kwawo.

Za ndalama n'zachidule. Kwacha ikadutsa Mwanza mphamvu yake imazirala. Gulani marandi ku banki musananyamuke, ndi timadola pang'ono togulira madzi m'Zimbabwe, ndipo muzigawe m'matumba aŵiri kapena atatu.

Chimene ambiri amachinyoza, ndipo ine ndimachiyesa chachikulu, ndicho kapepala wamba. Lembani pamenepo keyala ndi nambala ya m'bale amene adzakulandirani pa Park Station, pakuti foni imatha moto m'njira, ndipo mlendo woima pakati pa chikhamu cha anthu a mu Johannesburg akuyang'anayang'ana amadziŵika msanga kwa iwo amene ntchito yawo n'kukolola posafesa. Jambulitsaninso tsamba la chithunzi la pasipoti, pepala lina lisale kunyumba, lina muyende nalo padera, kuti ikatayika mukhale nacho chosonyeza ku ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria. Ndipo ngati ulendo uli wa mu June kapena July, bulangete ndi jekete zikhale nanu pampando, chifukwa chisanu cha kumeneko chimaposa cha ku Dedza.