Nkhalango si malo ogona

ULONGWE, Angónia – Awerengi athu, ambiri a inu mukukumbukira. Cha m'ma 2006 ndi 2007, pa ulamuliro wa Pulezidenti Armando Guebuza, pa wailesi ndi m'misonkhano nkhani inali imodzi: bzalani nsatsimanga, mtengo umene m'makalata a boma amaulemba jatropha. Ankati mafuta a njere zake adzayendetsa galimoto m'malo mwa dizilo, ndiponso kuti mtengowo umamera ngakhale pa nthaka yoguga.

Kumera umameradi, koma kubereka kwake pamenepo n'kochepa. Motero makampani anatembenukira ku nthaka yachonde ndi kumene kuli madzi. Ankati akufuna malo ogona, osagwira ntchito.

Tiyeni tione kumwera. Mu 2007 kampani ya ProCana inapatsidwa mahekitala 30 000 ku Massingir, m'chigawo cha Gaza, kuti ilime nzimbe zopangira mafuta a galimoto. Malo ogonawo anali odyetserako ng'ombe, ndipo mbali ina inali italonjezedwa kale kwa mabanja ochotsedwa m'paki ya Limpopo. Kumapeto kwa 2009 boma linathetsa mgwirizanowo. Ku Chimoio, m'chigawo cha Manica, kampani ya Sun Biofuels yolima nsatsimanga inagwa mu 2011.

Kuno kumalire, nkhalango imene mlendo angaione ngati tchire chabe ndi nkhokwe. M'menemo muli masuku, maye, uchi, mphalabungu, mbewa, luzi ndi mizu ya mankhwala. M'miyezi ya njala, chimanga chisanache, ndiwo za mabanja ambiri zimachokera m'menemo.

Za bowa n'zofunika kuzimvetsa. Bowa wambiri amene amayi amazula m'dzinja amakhala molumikizana ndi mizu ya mombo, tsamba ndi msuku. Mtengo umadyetsa bowa, bowa amathandiza mtengo kupeza madzi ndi chakudya m'nthaka. Mukazula zitsa ndi thalakitala, bowa ameneyo atha, ndipo simungamufese ngati nyemba. Mphalabungu nazo zili ndi mitengo yake imene zimadya. Njuchi zimafuna maluwa osiyanasiyana chaka chonse, osati munda wa mbewu imodzi kuchokera pano mpaka kuphiri. Ndipo njere za nsatsimanga n'zapoizoni: munthu sadya, mbuzi imazipewa.

Mtengowo paokha suli ndi mlandu. Agogo athu ankaubzala ngati mpanda, ndipo mpanda sunathe nkhalango. Vuto ndi kulambula mahekitala masauzande nthawi imodzi. Kampani ikagwa imanyamuka m'chaka chimodzi, koma mombo kuti ufike pochita mthunzi pamapita zaka makumi.

Lamulo la nthaka la 1997 limati boma lisanapereke malo kwa kampani, anthu a m'deralo ayambe afunsidwa. Pamsonkhano wotere kawirikawiri amayankhula ndi amfumu ndi abambo. Komatu odziwa pomera bowa ndi pamene pali misuku yotsekemera ndi amayi ndi ana, ndipo iwowa amakhala chete kumbuyo.