Malipiro mukuwabisiranji, abwana?

Ntchito yanga ndi yothandiza mabwana kulemba anthu ntchito: kukonza chilengezo, kusefa makalata ndi kukhala nawo pa intavyu. Ambiri amene ndimagwira nawo ndi eni malo ogona alendo, kuyambira pa boma la Mangochi, kudutsa ku Nkopola mpaka ku Monkey Bay ndi ku Cape Maclear.

Mwezi watha kunabwera mtsikana wa ku Namwera ali ndi misozi m'maso. Anaona pa WhatsApp chilengezo cha loji ina yofuna munthu "wolimbikira, wansangala, wokonzeka kugwira ntchito ina iliyonse", ndipo pa malipiro panangolembedwa kuti "abwino". Anakongola ndalama ya fotokope ndi ya minibasi, n'kutsetsereka phiri la Chowe, kuwoloka mlatho wa Bakili Muluzi, envulopu ya khaki ili pamwendo kuopa kuti ingapindike. Pa intavyu m'pamene anamva zoona zake: kulandira alendo, kuchapa zofunda, kugulitsa mu bala mpaka kasitomala womaliza atatuluka, kugona konko. Malipiro ake sanafike ngakhale pa K90,000, mlingo wotsikitsitsa umene boma linakhazikitsa kale mu February 2024. Akanadziwa izi ali kwawo, sakananyamuka. Anabwerera ndi ngongole.

Ndikafunsa mabwana chifukwa chimene salembera malipiro, yankho limakhala lomwelomwelo: "Tikalemba, kubwera anthu ofuna ndalama basi." Mawu amenewa ndatopa nawo. Kodi alipo amene amafunsira ntchito yochapa zofunda chifukwa chokonda sopo? Aliyense akufuna ndalama, ndipo palibe chochititsa manyazi pamenepo. Inu nomwe simungagule usipa pa doko la Msaka musanaone kukula kwa ndowa ndi kumva mtengo. Nanga munthu wogulitsa mphamvu zake abwere bwanji osadziwa kuti mumupatsa zingati?

Komanso kubisako sikuchepetsa makalata, kumawachulukitsa. Chilengezo chikakhala chosamveka, amalemba ndi aliyense: wa digiri, wa MSCE, wophika, mlonda. Makalata amadzaza katoni, wosefa amatopa, n'kuyamba kungoona kuti ndani walemba mwaudongo. Wophika waluso amene ali kale pa ntchito salemba n'komwe, chifukwa sangataye tsiku kukafunsa za malipiro amene mwina ndi ochepa kuposa amene akulandira. Amene mumamufunayo ndi amene mwamuthamangitsa.

Zifukwa zenizeni ndi zina. Ena amaopa kuti antchito akale aona kuti watsopano alandira zambiri. Ena amafuna kuti wofunsira ntchito atchule yekha mtengo, podziwa kuti wanjala atchula wotsika. Koma chimene ndimachipeza kawirikawiri n'chakuti bwanayo sanakhale pansi kuganiza kuti ntchitoyo ndi yotani. Ife timati alibe job description, kutanthauza pepala lofotokoza zimene munthu azichita tsiku ndi tsiku, maola ake, ndi amene azimuyang'anira. Pepalali likasowa, mawu akuti "ntchito ina iliyonse" ndi amene amatseka dzenje, ndipo wolandira alendo amapezeka akusesa pagombe.

N'zoona kuti lamulo lathu silikakamiza kulemba malipiro pa chilengezo. Koma lamulo la Employment Act la chaka cha 2000 limati wolemba ntchito apereke kwa wantchito chikalata chosonyeza malipiro, mtundu wa ntchito ndi maola ake, ndipo maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata kupatula ovataimu. Ngati muyenera kudzazilemba posachedwa, chokanikira kuzilemba lero n'chiyani? Kwina anapita kale patsogolo: mu 2023 mayiko a European Union anagwirizana kuti wofunsira ntchito aziuzidwa malipiro asanafike pa intavyu.

Pa maphunziro n'chimodzimodzi. Mawu akuti "maphunziro oyenera" sanena ngati mukufuna MSCE, satifiketi ya TEVETA kapena pepala la ku Malawi Institute of Tourism. Ngati ntchito ndi yolankhula ndi asodzi ku Makanjira, lembani kuti Chiyao n'chofunika, ndipo nenani kuti munthuyo azikakhala komweko. Muyeso ukakhala wosalembedwa, umapindika mosavuta kuti ukwane mwana wa achimwene, ndipo amene wakanidwa alibe poimira kuti afunse chifukwa. Chimene chimandiopsa kwambiri n'chakuti tikuzoloweretsa achinyamata kukhulupirira malonjezo opanda tsatanetsatane. Amayi a ku Malawi amene anazunzika ku Oman, omwe BBC inaulutsa nkhani yawo mu 2024, nawonso anakopeka ndi malonjezo a ntchito yabwino.

Kwa ofuna ntchito, ndinene mwachidule, ngakhale ndikudziwa kuti wosowa ntchito sasankha kwambiri. Akakuitanani ku intavyu, funsani pa foni pomwepo, mwaulemu, za malipiro, maola ndi malo. Mabwana ena akhumudwa, ndipo mwina mwayiwo ukuphonyani. Muyeze nokha ndi mtengo wa ulendo. Musapereke ndalama kuti kalata yanu ilandiridwe, ndipo musasiye satifiketi yeniyeni, siyani fotokope. Akati muyamba ndi pulobeshoni, nthawi yokuyesani ija, funsani kuti itha liti, pakuti lamulo sililola kuti ipitirire miyezi 12. Mukayamba ntchito mwezi n'kutha opanda chikalata, pitani ku Leba pa boma mukafunse, ndipo chilengezo chija muchijambule pa foni chisanafufutidwe.