Nsomba za m'damu siziswana madzi akazizira

Mwezi wa Juni ukafika, mlimi wa nsomba ku Chinsapo amayamba kuikayikira mbewu yake. Makumba amene mu Febuluwale ankalimbirana madeya amangoti duu pansi pa damu, ndipo tiana sitionekanso. Ena amathamangira kunena kuti anagulitsidwa mbewu yachabechabe, pamene kawirikawiri vuto limakhala kuzizira kwa madzi.

Nsomba ilibe kutentha kwakekwake monga nkhuku kapena mbuzi. Thupi lake limatsatira madzi amene ikukhalamo. Makumba ndi chilunguni zimakula ndi kuswana bwino madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30. Akatsika kupitirira 22, mazira amachedwa kukhwima ndipo nsomba yaimuna imaleka kukumba chisa. Akafika cha m'ma 16, ngakhale kudya kumachepa kwambiri. Lilongwe ali pamalo okwera mamita oposa 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi pamakhala masiku amene usiku kumazizira osafika ndi madigiri 10 omwe. Damu losaya limataya usiku womwewo kutentha kumene linalandira masana.

N'chifukwa chake damu liyenera kuzama mita imodzi, mbali yotsika n'kufika mita ndi theka, ndipo lisakhale pamthunzi wa mitengo. M'nyengo yozizira chepetsani chakudya, pakuti madeya otsala amaola n'kumaliza mpweya m'madzi. Kungotsanulira madeya poganiza kuti nsomba zichangamuka n'kutaya ndalama.

Nthawi yokonzekera ndi Sepitembala, madzi akayamba kufunda. Apa nsomba zoswetsa muzidyetse mokwanira, makamaka zazikazi za makumba, chifukwa zimafungatira mazira m'kamwa ndipo masiku onsewo sizidya. Mukakoka khoka pa nthawi imeneyi zimalavula mazira, mbewu yonse n'kuthera pomwepo. Chilunguni chokha chimaikira mazira pachisa, makolo onse awiri n'kumalondera.

Nanga mchere? Ena amene amathira m'damu madzi a pamjigo amada nkhawa akamva kamchere pa lilime. Nyanja ya Chilwa ingatithandize kumvetsa. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho ikamaphwa mchere umachuluka. Makumba a kumeneko amaupirira ndithu mcherewo, komabe pamene inauma mu 1968 ndi mu 1995, nsomba zimene zinapulumuka ndi zimene zinathawira m'mitsinje ndi m'madambo, ndipo ndizo zinadzazanso nyanjayo madzi atabwerera. Kamchere kochepa sikaletsa makumba kuswana. Choopsa kwambiri kuno kwathu ndi madzi a sopo ndi a m'ngalande olowa m'damu.

Amene akufuna mbewu yatsopano adikire Okutobala, ndipo ayambe afunsa mlangizi wa za nsomba wa boma lino kapena akatswiri a ku Bunda, ku sukulu ya ukachenjede ya LUANAR, asanalipire ndalama.