DZIMBIRI LIVUTITSA AMISIRI A MATABWA M'MAKOMBONI A LUSAKA

Mvula ikayamba m'mwezi wa November, amisiri a matabwa m'makomboni a Lusaka amayamba kudera nkhawa zipangizo zao. Ku Kanyama, kumene madzi anasefukira koopsa m'caka ca 1978, malo ndi acidikha ndipo madzi sacedwa kulowa m'nyumba. Mmisiri akasiya sowo kapena cizulo pansi usiku, m'mawa apeza citsulo cayamba kufiira.

Dzimbiri limagwira citsulo cikakumana ndi cinyezi pamodzi ndi mpweya. Thukuta la m'manja, popeza liri ndi mcere, limafulumizitsa bvutoli.

Komatu cipangizo cocita dzimbiri sicinafe ai, ndipo kucitaya ndi kutaya ndalama. Ngati dzimbiri ndi locepa, parafini ndi sandipepa zikwanira. Likakhala lambiri, mmisiri amacotsa cogwirira ca mtengo, naviika citsuloco m'viniga usiku umodzi wokha, cifukwa viniga akakhalitsa amadya citsulo comwe. M'mawa amacikweca, nacitsuka m'madzi a soda, naciumitsa padzuwa, ndi kucipaka mafuta nthawi yomweyo.

Nchito yaikulu iri kumsana kwa cizulo. Dzimbiri likasiyako timaenje, mpofunika kunola pamwala mpaka tonse titatha, apo ai cizuloco cidzasiya mizere pa citseko ca mukwa, wogula nadzakana mtengo.

Ena, ngakhale kumidzi, amaponya cipangizo pamoto kuti dzimbiri licoke. Kutero ndi kulakwa, pakuti moto umafewetsa citsulo, ndipo cizulo cotere cimabuntha msanga ngakhale cinoledwe kangati.